Maganizo anga: June ndi July ndiye nthawi yoona dziko bwinobwino

Anthu ambiri amakonda kujambula zithunzi nthawi ya dzinja paliponse pali biriwiri, ikafika nyengo yozizira ino amati kunja kwanyansa, kwangoti mbuu fumbi lokhalokha. Ineyo ndikukana. Dzinja limabisa zinthu, masamba ndi chimanga zimaphimba chilichonse. Pano chimanga chakololedwa, mapesi agona, mizere yonse yaonekera m'minda mpaka umatha kudziwa kuti munda uwu analima ndi munthu wa dzanja lowongoka, uwo analima aganyu othamangira kulandira ndalama.

Tatsikani msewu wa Khwekhwerere kuchokera ku Dedza kulowera ku Golomoti muone milambe. Yayoyola masamba onse yangotsala thunthu ndi nthambi, malambe ali lendelende, khungwa lotuwa losalala koma pena lapindikapindika, pena pali zipsera pamene anthu anasendapo luzi kalekale. Mu February mtengo womwewo umangoudutsa osauona n'komwe.

Ndiye nyengo yomweyi ndi imene manja amapeza mpata. Kumunda kwatha, azibambo ali pa dzuwa kuothera uku akung'amba nsungwi, ena akusoka mphasa, amayi akuumba chifukwa dothi limauma bwino kopanda mvula. Udzu, bango, mlaza, nsungwi, zonse zomwe tikuti zauma zanyansazo ndi zomwe zimalowa m'nyumba zathu.

Tengani lichero mulisisite ndi chala musanayambe kunenerera mtengo. Nsungwi ili ndi mbali ziwiri, yakunja yosalala yowala, yamkati yokhakhala, ndipo woluka waluso amadziwa kuti iti iyang'ane kuti, timizere take tapita pamwamba talowa pansi mothinana moti ngakhale gaga sadutsa, kenako mkombero wamangidwa mwamphamvu kuti mayi akamapeta lisagwedere. Mtsuko nawo chimodzimodzi, pakhosi pali timizere tolemba ndi kamtengo, pamimba anakulungiza ndi kamwala mpaka kuwala, ndiye pali mawanga akuda pamene moto unagunda kwambiri poutentha. Mawangawo ena amati mtsuko wapsa, ayi ndithu, palibe mitsuko iwiri yomwe moto unaipsereza mofanana. Komanso madzi a mumtsuko amazizira chifukwa dothilo limatulutsa kachinyezi kunja, kakamauma kamachotsa kutentha, chigubu cha pulasitiki sichingapange zimenezo olo mutachiika pamthunzi tsiku lonse.

Ana ambiri a mtauni pano sasiyanitsa mphasa ndi mkeka eti. Mphasa ndi ya bango, yolimba, ukagonera tsaya umadzuka ndi mizere kumaso, mkeka ndi wa mlaza wofewa umapindika bwinobwino. Msana umadziwa kusiyana kwake ngakhale mumdima.

Amene munafikako ku Mua, ku KuNgoni, malo a zachikhalidwe ndi zosemasema omwe anayambitsa wansembe Bambo Claude Boucher mu 1976, mukudziwa mmene osema akumeneko amatsatira mtengo. Pomwe pali mfundo sachotsapo, amapasandutsa bondo kapena phewa la munthu, pomwe mtengo unakhota chiboliboli nachonso chimakhota. Azungu amachita kukwera ndege kudzaona zimenezi, ife tikaima pamsewu mawu oyamba ndi akuti bambo tsitsani, dengu lake lopendekeka ili. Zimandiwawa kwambiri chifukwa munthuyo wakhala masiku akung'amba nsungwi zala zili mabala okhaokha, m'mawa kukuzizira chonchi.

China chomwe chikundidetsa nkhawa ndi moto wa lupsa. Udzu wofolera umafunika umwetedwe miyezi yomwe ino usanapse, koma anyamata osaka mbewa akumayatsa tchire msangamsanga, moto umalowa mpaka kudambo kukapsereza bango, pofika August phiri lonse lili bii. Mafumu ndi makomiti a m'midzi nkhani imeneyi aikhalire pansi, anthu ayambe amweta udzu ndi kudula bango, zambewazo zibwere pambuyo.