Chenjezo kwa anyamata oweta njoka m'mabokosi

Ana anga, tandimverani. Sabata yatha ndinalowa m'chipinda cha mnyamata wina wakwathu ku Rosettenville, kuno ku Johannesburg, ndipo zimene ndinaona zandisowetsa tulo. Kansato kaja mumati ball python kali m'bokosi lagalasi pa simenti, pafupi ndi khomo polowera mphepo, atangokayalira nyuzipepala basi. Khungu lakale lakakamira m'maso, kukamwa kuli yasaa, kakupuma mobanika. Mwini wake chimene akudziwa n'kukajambula n'kuika pa TikTok.

Kwathu tikaona njoka tinkathamangira ndodo, sindikukana. Koma iwe wachita kuigula n'kuitsekera, ndiye ikafa ndi chisanu mlandu ndi wako.

Njoka thupi lake silidzitenthetsa lokha ngati lathu. Kutchire ikazizidwa imapita pofunda, kukatentha imalowa kuuna. Kansatoka kwawo ndi ku Ghana, Togo ndi Benin, kotentha komanso kwachinyezi, ndipo masana kamabisala m'mauna ndi m'zulu. Inu mwakabweretsa ku Johannesburg, pamtunda wa mamita oposa 1,700, kumene mu June ndi July usiku kumazizira mpaka kufika pafupi ndi madigiri 0, mpweya uli gwaa kuuma. Mukuti kapulumuka bwanji?

Mbali imodzi ya bokosi izifunda madigiri 31 kapena 32, inayo ikhale cha m'ma 25, kazisankha kokha kokhala. Mbali zonse ziwiri muike pobisala pothina, pamdima. Mbale ya madzi isaume, ndipo maso akayamba kuchita chifunga dziwani kuti kufundula kwayandikira, onjezerani chinyezi. Chotenthetsera chopanda thermostat, kachipangizo koletsa kuti chisatenthe mopitirira muyeso, musayerekeze: njoka imagonapo mpaka mimba kupsa, osasuntha. Nanga magetsi akazima usiku, munaganizapo? Botolo la madzi ofunda lokulunga m'thaulo lizikhala pafupi.

China chondinyansa ndi chokaponyera khoswe wamoyo, inu n'kupita kuntchito. Khoswe amaluma, amatha kuidya njoka msana. Ikadya isiyeni masiku awiri, osaikoleka m'khosi kuonetsa anzanu, imasanza.

Ndipo inu amene mukutola njoka zakuno m'minda ya mabwana, m'chigawo chino cha Gauteng kusunga njoka yakutchire kumafuna chilolezo cha boma. Zina mwa izo ndi rinkhals yolavula ululu m'maso, pamene pa yadi pali ana okwawa.

Mnyamata uja ndamuuza kuti Loweruka likamafika akhale atapita nako kwa dokotala wa ziweto. Akapanda kutero, a SPCA, bungwe loteteza nyama ku nkhanza, ndiwaimbira ndine.