Kachitsulo kokwana m'dzanja kandidyera ndalama ya feteleza

Mtima sukunditsika abale anga, ndipo mayi a kunyumba atopa kumva nkhani imodzimodzi usiku uliwonse, ndiye bola ndiitule pano. Ndine makaniko, ndatha zaka zisanu ndi ziwiri kuno ku Joni, ndimagwira pa galaja ya munthu wina kum'mwera kwa Johannesburg. Masabata asanu ndi limodzi tsopano pali galimoto yangoti duu pakona ya galajayo, ndipo chaiimitsa ndi kachitsulo koti ukakafumbata m'dzanja sikaoneka, fuel pressure regulator.

Galimotoyo ndi BMW 325i ya zitseko ziwiri, E30 ya 1989, imene kuno amaitchula kuti gusheshe. Mwini wake ndi bambo wachikulire wa ku Soweto amene anaigula akadali mnyamata, ndipo amaisamala ngati dzira. Magalimoto amenewa ankapangidwa konkuno ku Rosslyn, kufupi ndi Pretoria, moti munthu ungaganize kuti zipangizo zake zili mbwee. Ayi ndithu. Anyamata ozunguza magalimoto mpaka matayala kufuka utsi amafuna galimoto yomweyi, ndipo chiyambire pamene inatuluka 325iS ya malita 2.7 mu 1990, dzina la gusheshe silinazilale. Ikangogwa imodzi ku sikilapu, anthu amaithothola ngati nkhuku tsiku lomwelo.

Vuto lake ndinalipeza m'mphindi khumi. Bamboyo anati m'mawa ikuvuta kulira, ikalira ikutulutsa utsi wakuda, ndipo petulo ikumwa ngati ili ndi ludzu la m'chilimwe. Nditamasula mapulagi ndinapeza onse asanu ndi limodzi ali bii, mwaye wokhawokha. Ndinazula kapaipi kakang'ono kochoka pa regulator kupita ku manifold, njira imene mpweya umalowera mu injini, petulo n'kudontha pa chala changa. Mmenemo simuyenera kukhala petulo ngakhale dontho, mumangodutsa mpweya. Pampu imakankha petulo kuchoka m'thanki kupita ku mpope umene pamakhala ma injekita opopera petulo mu injini, ndipo regulator imakhala pa mpope womwewo. M'kati mwake muli sipuling'i ndi kachikopa ka labala. Ntchito yake ndi kusunga mphamvu imene petulo amakankhidwira pa muyezo wa 3 bar, wotsalayo n'kumubweza ku thanki. Labala uja akang'ambika, injini imayamwa petulo kudzera m'kapaipi kaja mosayezedwa, wina amatsikira mpaka mu oyilo. Nditanunkhiza ndodo yoyezera oyilo, fungo linali la petulo. Labala wa zaka zoposa 30 sungamuimbe mlandu.

Ndinauza bwana wa galaja kuti tiitanitse yatsopano yeniyeni ya Bosch. Mashopu amene tinawaimbira anati alibe, kuitanitsa kunja kutenga masabata, mtengo wakenso bwana anangopukusa mutu. Anati, “Iwe ndiye wapeza vuto, kasake wekha.” Ndalama ya minibasi sanandipatse.

Ndinayenda, anthu inu. Booysens, Selby, Jeppestown, mpaka Germiston, m'matope a oyilo ndi agalu a unyolo. Chimene chimandiwawa n'chakuti mtengo umasintha ndikangotsegula pakamwa. Chizulu ndimachidziwa, koma lilime limandiulula, ndipo funso loyamba limakhala lakuti ndimachokera kuti, regulator ibwera pambuyo. Pa sikilapu ina mnyamata anandibweretsera imodzi yooneka bwino, atapukuta mpaka kuwala. Pa thupi la regulator pamadindidwa nambala, koma pa iyi panali popalidwa. Analumbira kuti yachoka pa 325i. Ndinapereka R900 ya m'thumba mwanga, risiti anati buku latha.

Nditaimanga galimoto inalira bwino, utsi unatha, mtima wanga unakhala pansi. Koma pa msewu, ukaponda mafuta kwambiri, inkachita ngati yatsamwa. Ndinalumikiza geji yoyezera mphamvu ya petulo, n'kuzula kapaipi ka mpweya kuti ndione mphamvu yonse, muvi unaima pa 2.5. Ma regulator a 2.5 bar alipo, ndi a injini zina za BMW, ndipo kunja amafanana ndi a 3 bar ngati mapasa. Theka la bar limaoneka laling'ono, koma injini ikamalandira petulo wochepa pamene ikukoka mwamphamvu imatentha m'kati, ndipo mapeto ake ndi kupsereza mavavu kapena pisitoni. Galimoto ya bambo uja sindikanaipereka choncho.

Nditabwerera ku sikilapu ndi chitsulo chawo, mwini malo sanandiyang'ane n'komwe kumaso. Anati sanandionepo, ndipo ngati ndili ndi dandaulo ndipite kupolisi, akandifunse bwino mapepala anga. Mapepala ndili nawo, abale, ndinawavutikira. Koma iye amadziwa kuti mlendo aliyense, wa mapepala ndi wopanda, akamva mawu amenewo mawondo amafooka. Anzake anaseka, wina n'kutchula dzina lija amatitchulira, kwerekwere. Ndinatuluka pa geti chitsulo chili m'thumba la ovolosi, misozi ili m'khosi.

Kenako ndinapeza wina pa intaneti wonena kuti ali ku Durban, zithunzi zake nambala ikuoneka bwinobwino. Tinalankhulana masiku awiri, munthu waulemu, ankanditchula kuti m'bale. Ndinatumiza R1,200. Mawa lake foni yake sinkalowa, ndipo mpaka lero sinalowe.

Bwana ataona kuti galimoto ikudya malo, anabwera ndi regulator ya mtundu uja wosintha ndi sikuluwu, yofiira, yonyezimira, ili ndi kageji kake, yopanda dzina la amene anaipanga. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuti ilowe pamafunika kudula mapaipi ndi kulumikiza ndi timakilipi, pamwamba pa injini yotentha. Ndinaonapo galimoto ikupsa chifukwa cha paipi ya petulo yongolumikiza mwachidule, ndipo moto wa petulo sudikira kuti munthu amasule lamba. Ndinakana. Ndinati, “Bwana, iyi manja anga saimanga.” Anandiyankha kuti amalawi timadziyesa odziwa, ndipo pakutha kwa mwezi anandidula malipiro a masiku atatu, akuti ndinawathera m'misewu. M'misewu mmene ananditumamo yekha!

Chimene anthu akumudzi samachiona n'chimenechi. Iwo amaona chithunzi ndaima pafupi ndi BMW, amati mwana wathu zake zinayera. Ndalama ziwiri zija, kuphatikiza zodulidwazo, ndi zimene ndinasungira amayi ku Ntcheu kuti agule feteleza. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba limodzi lakhala nkhani yaikulu m'banja. Amayi anaimba Lamlungu kuti mvula yayamba kugunda kumapiri ndipo anzawo akonza kale mizere. Ndinati, “Amayi, mundipirire pang'ono, zinthu zavuta kuno.” Iwo anangoti, “Chabwino mwanawe, bola uli moyo.” Akanandikalipira zikanandipepukira.

Amene wandithandiza ndi achimwene ena a kwathu omwe amakonza magalimoto ku Birmingham. Anaipeza yatsopano kwa wogulitsa wa ku Germany, nambala yake tinaifananitsa pa foni katatu, analipira okha kuti ndidzawabwezere. Phukusilo linafika kuno masiku khumi ndi awiri apitawo ndipo lakhala kwa kampani yonyamula katundu. Msonkho wa VAT wa 15 peresenti ndinalipira, sindikukana, ndi lamulo la dziko la eni. Koma tsiku lililonse amafuna pepala lina. Dzulo anati dzina la pa phukusi silikufanana ndi la pa pasipoti chifukwa cha chilembo chimodzi, ndipo mtsikana wa pa foni anandifunsa kawiri ngati katunduyo ndi wangadi. Amawerengeranso ndalama yosungira phukusi, tsiku ndi tsiku, pa kuchedwa kumene akuchita okha.

Munthu mmodzi yekha amene sanandinyoze m'nkhani yonseyi ndi mwini galimoto. Nditamufotokozera chifukwa chimene ndinakanira yofiira ija, anandigwira paphewa n'kunena kuti adikira, ingomangidwa yoyenera. Amabwera Loweruka lililonse ndi kansalu kake, amapukuta fumbi pa boneti, amakhala pa mpando wa dalaivala kanthawi injini ili zii, kenako amakakwera minibasi yobwerera ku Soweto. Oyilo watsopano ndi mapulagi asanu ndi limodzi ndinaika kale pa shelefu. Mawa 7 koloko ndikakhala pa geti la kampani ija ndi pasipoti m'manja, ndipo bwana wanena kale kuti tsiku limenelonso adula.