Foni ipite ndi mwana kusukulu, koma igone m'bokosi mpaka poweruka

Makolo anzanga a kuno ku Harare, makamaka inu amene ana anu amalawirira kukakwera kombi ku Epworth, Mabvuku, Dzivarasekwa kapena Mufakose, maganizo anga pa nkhani ya mafoni ndi awa. Mwana wa sekondale aloledwe kuchoka nayo foni kunyumba, koma ikafika pasukulu ichoke m'thumba mwake, itsekeredwe m'bokosi, aitengenso poweruka. Wa pulayimale asapatsidwe foni ya intaneti n'komwe, ngakhale atalira chotani.

Mkanganowu ndi wakale. Mu 2015 a Lazarus Dokora, omwe anali nduna ya maphunziro a pulayimale ndi sekondale, ananena kuti ana angathe kubwera ndi mafoni kusukulu, ndipo makolo ambiri anawawidwa nazo mtima. Lero mukazungulira masukulu mupeza kuti ina imalanda foni n'kuisunga mpaka teremu ithe, ina imangoyang'ana kumbali. Njira ziwiri zonsezi zikuwapweteka ana athu.

Amene amati mafoni aletsedwe kotheratu aganizire kaye za ulendo wa mwana. Wokhala ku Chitungwiza koma wophunzira m'tauni amayenda mtunda wautali kawiri pa tsiku. Mu June ndi July, pomakwana 6 koloko madzulo kunja kumakhala kutada kale. Kombi ikafa pa Seke Road, kapena mtengo ukakwera chifukwa cha mvula, mtsikana wa Fomu 2 ayenera kuimbira amayi ake kuti amutumizire ndalama pa EcoCash, osati kubwereka foni kwa bambo wachilendo pa renki kapena kukwera mushikashika (galimoto yonyamula anthu popanda chilolezo) ya munthu amene wamulonjeza kuti salipira. Masukulu amene ali ndi magulu awiri, ena olowa m'mawa ena masana, amatulutsa gulu lachiwirili dzuwa litapendeka kale. Kuwonjezera apo, kuletsa sikuchotsa mafoni pasukulu. Ana amawabisa m'sokosi, m'bokosi la chakudya, kapena amawasungitsa kwa ogulitsa maputi pageti. Foni yobisidwa ikabedwa mwana sanena, chifukwa akudziwa kuti ayamba kulangidwa ndi iyeyo, ndiye akuba a m'kalasi amakhala pabwino.

Koma foni yokhala m'thumba nthawi ya phunziro ndi yoipa kwambiri. Ikangonjenjemera pantchafu, maganizo a mwana achoka kale pa bolodi ngakhale asanaitulutse. Piriyodi imakhala ya mphindi 35 kapena 40, ndiye mauthenga atatu okha a pa gulu la WhatsApp ndi okwanira kuti samu imudutse. Anyamata ena akumatchova juga ya pa foni yotchedwa kandege pansi pa desiki ndi ndalama yokwerera kombi. Ena amajambula anzawo kuchimbudzi, pomenyana, kapena pamene mphunzitsi wapsa mtima, ndipo pofika madzulo kanemayo amakhala atazungulira dera lonse. Dziko la France linaletsa kugwiritsa ntchito mafoni m'masukulu a ana aang'ono ndi achisodzera mu 2018, koma linkalola kuti foni ikhale m'chikwama itazimitsidwa. Mu 2024 anayamba kuyesa zoti ana azipereka mafoniwo polowa. Mwana wa zaka 14 sangalimbane ndi foni ili pafupi naye tsiku lonse. Ngakhale ife akuluakulu zimatikanika.

Tsono nkhani yagona pa kasungidwe kake, ndipo apa ndi pamene masukulu ambiri amalephera. Choyamba pakhale kaundula. Kumayambiriro kwa teremu kholo lisaine fomu yolembedwa dzina la mwana, kalasi, mtundu wa foni, maonekedwe ake, ngati galasi lili long'aluka kale, ndi nambala ya IMEI, yomwe ndi chizindikiro cha foniyo. Nambalayi ili ndi manambala 15 ndipo imaoneka mukadina *#06#. Foni yolowa ma SIM awiri imaonetsa ma IMEI awiri, mulembe onse. Popanda kaundulayu, tsiku lina mwana adzati anapereka Samsung yatsopano pamene anapereka Itel yakale, ndipo palibe adzathe kuweruza.

Kalasi iliyonse ikhale ndi thiranki yachitsulo yokhala ndi loko, ndi nsalu yosokedwa timatumba tolembedwa manambala, 1 mpaka 50 kapena malinga ndi kuchuluka kwa ana. Telala aliyense wa ku Mbare kapena Glen View akhoza kuisoka ndi nsalu yolimba ya kanivasi. Timatumbato timateteza mafoni kuti asakhulane n'kukalana magalasi, komanso mphunzitsi akangoyang'ana amadziwa kuti nambala 23 ilibe kanthu. Nambala ya mwana ifanane ndi ya m'rejisitala yoitanira mayina. Poitana mayina m'mawa, mwana abwere kutsogolo, aonetse foni ikuyaka, aizimitse mphunzitsi akuona, kenako aiike m'kathumba kake. Zoonetsa ikuyakazi musazipeputse. Ana anzeru amapereka chigoba cha foni yakufa, yeniyeniyo ili m'sokosi. Ndipo izimitsidwe kwenikweni, osangoitseka mawu, kupanda kutero alamu idzalira m'thiranki pakati pa phunziro. Foni ya batire lotupa isalandiridwe, ibwerere kunyumba, chifukwa batire lotere likatenthedwa likhoza kuyaka. Ana akazolowera, zonsezi sizidutsa mphindi 5.

Thirankiyo isatsale m'kalasi. Ana amatuluka kupita ku labu, kumunda kapena kubwalo la masewera, ndipo loko wotchipa amatseguka ndi chitsulo chilichonse. Ipite ku ofesi yokhala ndi zitsulo m'mawindo. Kiyi akhale ndi anthu awiri okha, mphunzitsi wa kalasi ndi wachiwiri kwa ahedi. Pulifekiti asapatsidwe kiyi, osati chifukwa ndi wakuba, koma anzake adzamunyengerera kapena kumuopseza, ndipo foni ikasowa mlandu wake ndi wolemera kuposa msinkhu wake. Wobwera mochedwa akapereke yake ku ofesi asanalowe m'kalasi. Poweruka mphunzitsi wa piriyodi yomaliza agawe poitana manambala mmodzimmodzi, osati kutsegula thiranki n'kusiya ana 50 akulimbirana, chifukwa mafoni ambiri amasowa nthawi imeneyi. Mwana asatengere mnzake, ngakhale ali pachibale.

Funso limene ahedi ambiri amaopa ndi lakuti, ikasowa alipira ndani? Lilembedwe pa fomu yomweyo. Ikasowa ili m'thiranki, sukulu ilipire, koma komiti ya makolo ya SDC iikiretu malire a mtengo umene ingabweze. Ikasowa ili m'chikwama cha mwana amene sanaipereke, sukulu ilibe mlandu. Malirewo amathandizanso makolofe kuganiza bwino. Mwana wa Fomu 1 ndi Fomu 2 kambudzi, kafoni kamabatani, kamukwanira. Kamaimba, kamalandira EcoCash, batire lake limakhala masiku angapo ngakhale magetsi a ZESA atazima, ndipo wakuba wa pa renki ya Copacabana kapena ya Market Square sataya nako nthawi. Kumupatsa mwana foni yodula kuti ayende nayo m'tauni ali mu yunifolomu n'kumuika pachiswe.

Nanga wogwidwa nayo m'kalasi? Koyamba ilandidwe mpaka poweruka ndipo kholo lidziwitsidwe tsiku lomwelo. Kachiwiri kholo libwere lokha kudzaitenga. Kachitatu mwanayo asabwerenso ndi foni ya intaneti teremu yonse. Kusunga foni miyezi itatu sindikugwirizana nako, chifukwa nthawi zambiri SIM ili m'menemo ndi imene banja limalandirira ndalama kuchokera kwa achibale a ku Johannesburg kapena Blantyre. Chindapusa cha ndalama nachonso ayi. Mwana wa wolemera amangolipira n'kupitiriza, ndipo ndalama zopanda lisiti zimaononga mbiri ya aphunzitsi. Kuswa mafoni pa asembule n'kuononga katundu wa kholo, kumeneko si kulanga mwana.

Mphunzitsi akalanda foni asayambe kuwerenga mauthenga ali yekha. Ngati akuganiza kuti muli zithunzi zamaliseche, malonda a mankhwala ozunguza bongo a mutoriro, kapena munthu wamkulu amene akunyengerera mwanayo, foni izimitsidwe, itsekeredwe, ndipo itsegulidwe pali ahedi ndi kholo. Zithunzi zotere asazitumize kwa wina aliyense, ngakhale pa gulu la aphunzitsi pofuna umboni. Lamulo la Cyber and Data Protection Act la mu 2021 linaika kufalitsa zithunzi zoterezi ndi kuzunza munthu pa intaneti kukhala milandu. Nkhani zikafika apa pali apolisi, palinso Childline pa 116, nambala yaulere imene mwana aliyense ayenera kuidziwa pamtima.

Ena afunsa kuti, nanga maphunziro a masiku ano safuna intaneti? Amafunadi. Kuyambira 2024, pamene CALA, ntchito zimene ana ankapatsidwa malikisi owerengeredwa pa mayeso, inalowedwa m'malo ndi mapulojekiti a pasukulu, ana amafunikabe kufufuza, kujambula zithunzi ndi kufunsa anthu mafunso. Thiranki siletsa zimenezi. Mphunzitsi anene dzulo lake kuti mawa pa Geography mafoni atuluka. Zofunika kuwerenga zikoperedwe m'foni pasadakhale, ana akhale m'magulu a anayi kapena asanu pa foni imodzi, netiweki itsekedwe, ntchito ichitike kwa mphindi 20, mafoni abwerere m'timatumba. Kugwira ntchito m'magulu n'kofunika chifukwa m'kalasi iliyonse muli ana amene kwawo foni ndi imodzi ndipo imapita kuntchito ndi bambo, kapena ilipo koma bandulo palibe. Mwana asaluze malikisi chifukwa choti alibe foni. Homuweki yotumizidwa pa WhatsApp ilembedwenso pa bolodi. Gulu la kalasi likhale ndi kholo limodzi kapena awiri mkati, ndipo mphunzitsi asamalemberane ndi mwana payekha usiku. Lamulo limeneli limateteza mwana, limatetezanso mphunzitsi ku mabodza.

Pa mayeso a boma a ZIMSEC palibe zokambirana. Foni ikapezeka pathupi la mwana m'chipinda cha mayeso, ngakhale ili yozimitsa, zotsatira zake zikhoza kufafanizidwa. Mu 2022 mapepala a O Level anabedwa n'kuyenda pa mafoni, ndipo ana masauzande angapo anataya zotsatira zawo. Muwauze ana kuti pepala logulitsidwa pa WhatsApp likhoza kukhala labodza, ndipo likakhala lenileni ndiye zafika poipa kwambiri. Mwana amene wazolowera kupereka foni m'mawa uliwonse kwa zaka zinayi saiwala kuipereka pa tsiku la mayeso.

Gawo lina ndi lathu makolo, ndipo sukulu singatichitire. Mwana amene wagona 1 koloko usiku ali pa TikTok amasinza m'kalasi ngakhale foni yake ili m'thiranki. Pofika 9 koloko foni ikagone kuchipinda kwa makolo, itchajidwe komweko. Pa mafoni a Android pali Family Link ya Google, yaulere, imene imakulolani kuika malire a maola ndi kuletsa mapulogalamu ena. Muziyang'ananso mauthenga a EcoCash a pa nambala ya mwana, chifukwa juga imaonekera pa timalipiro tating'onoting'ono tobwerezabwereza. Ndipo tisiye kuimbira ana nthawi ya maphunziro kufunsa kumene aika kiyi wa nyumba. Sukulu ipereke nambala imodzi ya ku ofesi imene imayankhidwadi, za mwadzidzidzi zizidzera kumeneko.

Msonkhano wa SDC ukubwerawu musangokambirana za fizi. Funsani ahedi kuti lamulo la mafoni linalembedwa pati, kiyi amasunga ndani, ndipo foni ikasowa zimatha bwanji. Ngati palibe cholembedwa, pemphani kuti makolo atatu ndi aphunzitsi awiri alembe tsamba limodzi teremu isanathe, liyesedwe kaye pa makalasi a Fomu 1, kenako lifalikire ku makalasi enawo.