Kulapa kwa Mulungu kokha pamene anzako uli nawo ngongole

Zoona zimene mwalembazi abusa, zoti aliyense adzayankha yekha pamaso pa Mulungu. Aroma 14:12 yo ndimaidziwa kuyambira ku Sande sukulu koma inandilasa mtima chaka chathachi. Ine ndinatenga ngongole ku banki m'khonde ya amayi a kumpingo kwathu, ndinati ndibweza ikatha miyezi iwiri, geni yanga ya kaunjika inagwa ndiye ndinayamba kuzemba misonkhano, foni osayankha, koma Lamulungu lililonse ndili kutsogolo mu kwaya kuyimba ngati palibe kanthu. Ndinkadziuza kuti ndinalapa kale kwa Mulungu basi zatha. Mayi ena achikulire a m'gulu momwemo anandiitanira pambali nkundiwerengera Mateyu 5:23-24, paja pakuti usiye mphatso yako paguwa uyambe wakayanjana ndi m'bale wako. Sanakalipe ayi, anangoti mwanangu, Mulungu wakukhululukira koma adzukulu anga akudikira fizi. Ndinalira zedi.

Chimandipweteka nchoti ambirife timathamangira kunena kuti Satana anandinyenga, chimodzimodzi Adamu kuloza Hava, Hava kuloza njoka. Zakeyu sanatero, anaimirira nkulonjeza kubweza kanayi kwa aliyense amene anamubera. Ine kanayi sindikanatha, koma ndinapita pamaso pa gulu lonse nkuvomera kulakwa kwanga, tinagwirizana ndizibweza pang'onopang'ono pa Airtel Money, mwezi uno ndatsala ndi gawo lomaliza. Abusa chonde nkhaniyi muifikitsenso kwa madikoni ndi akulu ampingo amene amasunga chopereka.