Albert Gallatin ndiye anabweza ngongole, bwanji satchulidwa?

Mukafunsa anthu kuti ndani anakonza chuma cha Amereka dziko lija litangobadwa, ambiri atchula Alexander Hamilton, nduna yoyamba ya zachuma ya dzikolo. Nkhope yake ili pa ndalama ya madola 10, ndipo sindikutsutsa kuti anaika maziko. Koma ine mtima wanga uli pa Albert Gallatin. Kukongola ndalama m'dzina la dziko n'kosavuta kuyerekeza ndi kukhala pansi chaka ndi chaka n'kumabweza, popanda wokuombera m'manja.

Bamboyu sanabadwire ku Amereka. Kwawo kunali ku Geneva, anabadwa mu 1761, ndipo anawoloka nyanja mu 1780 asanakwanitse zaka 20. Anakakhazikika kumadzulo kwa Pennsylvania, pakati pa alimi amene ankatcheza mowa wa whiskey kuti apeze kangachepe. Atasankhidwa kulowa nyumba ya malamulo ya Senate mu 1793, adani ake anamutulutsa chaka chotsatira ponena kuti sanakwanitse zaka 9 ali nzika. Chingelezi chake chinkamveka Chifalansa, ndipo ankamunyoza nacho. Sanagwe ulesi. Anabwerera kudzera m'nyumba ina ya malamulo, ya House of Representatives, mu 1795, n'kuyamba kufunsa funso limene olamula sankalikonda: ndalama iyi munaipempha kuti igwire ntchito yanji, nanga yapita kuti? Ankafuna kuti ndalama iliyonse ya boma ivomerezedwe ndi nyumba ya malamulo pa ntchito yotchulidwa dzina, osati kupatsa nduna thumba lonse kuti ione yokha chochita. Apa mpamene ndimamupatsira ulemu kwambiri.

Pulezidenti Thomas Jefferson atamuika kukhala nduna ya zachuma mu 1801, boma linali ndi ngongole ya madola pafupifupi 83 miliyoni. Gallatin anakonza zoti chaka chilichonse madola 7.3 miliyoni azipatulidwa kaye kubwezera ngongole, zina zonse pambuyo. Msonkho wa whiskey, umene unautsa chipolowe kumadzulo kwa Pennsylvania mu 1794, unachotsedwa mu 1802, boma n'kumadalira msonkho wa katundu wolowa pamadoko. Mu 1803 kunabwera mwayi wogula dera la Louisiana kwa Afalansa pa madola 15 miliyoni, ndipo iye anapeza njira yolipirira. Ndi zonsezo, pofika mu 1812 ngongole inali itatsika kufika pa madola 45 miliyoni. Tangoganizani, dziko lakula kuwirikiza kawiri, ngongole n'kumachepabe!

Alipo onena kuti kuumira kwakeko kunalowa m'malo olakwika, ndipo akunena zoona. Anadula ndalama za asilikali ndi za zombo zankhondo, moti nkhondo ndi Britain itabuka mu 1812 inapeza dziko lili chimanjamanja. Ngongole inakwera kupitirira madola 120 miliyoni, thukuta la zaka 11 n'kupita pachabe. Koma mlandu wonse si wake. Mu 1811 iye anachonderera kuti banki yaikulu ya dziko, yomwe Hamilton, mdani wake pandale, anayambitsa, ipatsidwenso chilolezo. Anzake a chipani chimodzi ankadana nayo bankiyo, ndipo mavoti atafanana mu Senate, wachiwiri kwa pulezidenti George Clinton anaponya voti yoipha. Patangotha chaka, boma linkasowa kokongola ndalama za nkhondo. Munthu woteteza ntchito ya mdani wake pandale chifukwa waona kuti ndi yothandiza dziko, ngakhale anzake amuyang'ane ndi diso lofiira, ameneyo ndimamukhulupirira kuposa wolankhula bwino pamsonkhano.

Nkhondo imene inamuwonongera ntchitoyo anakathandizanso kuithetsa iye mwini. Anali m'gulu la nthumwi za Amereka zimene zinasaina pangano la mtendere ku Ghent pa 24 Disembala 1814, pamodzi ndi John Quincy Adams ndi Henry Clay, anthu awiri osamwerana madzi amene iye ankawayanjanitsa. Pambuyo pake anakhala kazembe ku France ndi ku Britain, anathandiza kukhazikitsa New York University mu 1831, ndipo ukalamba wake anauthera pofufuza zilankhulo za eni nthaka a ku Amereka. Mu 1847, ali ndi zaka 86, analemba poyera kudzudzula dziko lake chifukwa cholanda malo a Mexico ndi mfuti. Anamwalira mu 1849. Mpaka lero palibe nduna ya zachuma ya Amereka imene inakhalitsa paudindowu kuposa iye, ndipo ine ndikuti dzina lake liyenera kutchulidwa limodzi ndi la Hamilton.