Nyanja sikukumbukirani, ngakhale munakulira pomwepo

Zimene ndaona sabata yathayi zandinyansa, ndipo sindikhala chete. Bambo wina, wamkulu ndithu wa imvi m'ndevu, wabwera kwawo kudzacheza atakhala kutali zaka zambirimbiri. Watenga mkazi ndi ana kuti akawaonetse gombe limene ankasewerapo ali mwana. Palibe choipa pamenepo. Koma atangofika, malaya vuu, n'kukwera thanthwe lomwe akuti ankadumphirapo ali mnyamata, uku akuuza mkazi wake kuti ajambule pa foni. Msodzi wina wachikulire anamukuwira kuti madzi aphwa, pansipo pali miyala. Yankho lake? "Madala, ine ndinakulira pano." Anadumphadi. Anamuvuula ndi anyamata awiri, phewa litaguluka, magazi ali chuchuchu pamphumi, kamwana kake kakulira katafumbata nsapato za bambo ake.

Ndinakulira pano! Ndatopa nawo mawu amenewa. Munakulira pomwepo, chabwino, ndiye nyanjayo inakulembani m'kaundula? Thanthwe lija linakulonjezani kuti pakatha zaka 30 mudzapeza madzi akuya omwe aja? Mchenga wa pansi pa nyanja umasamuka ndi namondwe wa usiku umodzi wokha. Pamene panali pakuya lero ndi posaya, pamene madzi ankalekeza m'mawondo lero pakumiza munthu wamtali. Ku Holderness, m'dziko la England, nyanja imadya mtunda pafupifupi mamita 2 chaka chilichonse, ndipo midzi yathunthu inapita kale m'madzi. Ndiye inu mukutsogolera ana kanjira ka pamwamba pa phompho poti munkathamangamo muli sitandade 4? Chikwangwani choletsa mwachiona, mpanda mwaulumpha, ati anaika ndi anthu obwera osadziwa malo.

Nanga thupi lanulo? Mnyamata uja ankasambira tsiku ndi tsiku. Inu mwakhalira mpando wa mu ofesi, mimba yatsogola, masitepe ochepa okha muli wefuwefu, ena m'thumba muli mapiritsi a mtima. Koma mukufuna musambire mpaka pakachilumba kaja kuti ana akuombereni m'manja. Mwinanso mwayamba mwakhuthula mabotolo angapo ndi anzanu akale, poti simunaonane kalekale. Mowa ndi madzi akuya zinayamba liti kugwirizana? Kumene madzi amazizira osafika madigiri 15, munthu amabanika m'mphindi yoyambirira yomweyo, ngakhale akhale katswiri wosambira.

Chimene chimandipsetsa mtima koposa ndi ichi. Madzi aphwa, mchenga uli mbee mpaka kutali, bambo n'kunyamula banja lonse kupita kumiyala ya uko kukatola zigoba za nkhono ngati kale. Mwaiwala kuti m'malo ambiri nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku? Mwaiwala kuti pakapita maola pafupifupi 6 yabwerera, ndipo nthawi yake imasuntha ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse? Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa kumene, m'pamene madzi amathawira kutali kwambiri, m'pamenenso amakwera kwambiri pobwerera. Ndipo sakudzerani kumaso kuti muwaone. Amayamba adzaza makwawa a kumbuyo kwanu, inu muli kalikiliki kuloza pamene munagwira nkhanu yoyamba. Ku gombe la Morecambe Bay, ku England komweko, mu 2004, anthu oposa 20 ochokera ku China, otola nkhono, anathera m'madzi usiku umodzi mwa njira imeneyi. Anali akuluakulu amphamvu zawo. Inu muli ndi mwana paphewa, wina padzanja, agogo awo akukwekweza mwendo kumbuyo. Nthawi za kudzaza ndi kuphwa kwa madzi zili pa foni yomwe mukujambulirayo. Kuziyang'ana kukanakuchotserani ulemu?

Ena mukafika mumadutsa dala pamene pali opulumutsa anthu. Mbendera zofiira ndi zachikasu zazikidwa kusonyeza posambira, inu ayi, kumeneko n'kwa alendo, ife tikudziwa malo abwino kuseri kwa miyala. N'kusankha pooneka pabata pakati pa mafunde, pomwe pali penipeni pamene madzi amabwerera kunyanja akukoka chilichonse. Madzi amenewo amatha kuthamanga kuposa mamita 2 pa sekondi, ndipo ngakhale wopikisana pa Olympics sangawapose. Mwana akakokedwa mudzamuitana ndani, opulumutsa aja mwawasiya kutali?

Musandiuze kuti "ife tinkachita zomwezi koma sitinafe." Inde simunafe, n'chifukwa chake mukuyankhula. Amene anafa sangabwere kudzakutsutsani. Funsani amayi anu, ngati alipo, akuuzeni maliro a ana amene anaikidwa m'zaka zomwe inu mukuzitcha zokomazo. Mtima umasunga kudumpha ndi kuseka, maliro umataya.

Ndipo ana anuwo sanakulire pano. Mfundo yapafupi chonchi ikukuvutani chiyani? Ngati anaphunzira kusambira, anaphunzirira m'dziwe lomanga ndi simenti, lopanda mafunde, mphunzitsi ali chilili pambali. Funde sanalilawepo pakamwa. Inu mwawapatsa kachubu kopopa kapulasitiki, n'kuwasiya ayandame mphepo ikuwombera kunyanja. Amayi nanu, azakhali, amalume, simupulumuka pankhaniyi. Mwakhala pamthunzi mukukumbutsana za anthu akale, uyu anakwatiwa kuti, uja anamwalira liti, aliyense akuyesa kuti mnzake akuyang'ana ana. Mapeto ake udindo wonse wagwera kamtsikana ka zaka 9, ati kayang'anire ang'ono ake atatu. Kodi mukudikira kumva kukuwa? Mwana womira sakuwa. Saponya manja ngati m'mafilimu. Amangolowa phee, mwina mphindi imodzi isanathe, pamtunda pali achibale khumi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti mu 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira padziko lonse, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anali mwana wosakwana zaka 5. Zinafika poti United Nations inapatula tsiku la 25 Julaye kuti likhale lokumbutsa anthu za ngozi imeneyi, ngati kuti kholo lifunika kalendala kuti liyang'ane mwana wake.

Sindikukuletsani kupita. Pitani, akaone kumene munachokera, n'zabwino ndithu. Koma mukafika dziwani kuti ndinu mlendo, ngakhale mchombo wanu unagwera pomwepo. Funsani amene akukhalapo lero, ndipo akakuuzani kuti apo ayi, tsekani pakamwa mumvere. Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu, koma kunyanja nkhwangwayo nthawi zambiri imagwera mwana, mwini matama n'kutsala akufotokozera apolisi.

Mukapereke ndalama zonsezo za ulendo kuti mubwerere mpando umodzi uli wopanda munthu? Ubwana wanu unatha. Chitani manyazi.