Kope la mwana wanu si nyuzipepala ya pakhonde

Lamulungu lapitali ndinapsa mtima ndipo mpaka lero sunaphwe. Nditatuluka m'tchalitchi ndinakwera kabaza kupita ku Chinamwali kukaona ana a malemu achimwene anga. Ndinapeza pakhonde pali anthu, amayi awiri a nyumba zoyandikana, amalume a anawo ndi mlendo wina amene sindimudziwa n'komwe. Onse akufa ndi phwete. Alamu anga ali pakati, m'manja muli kope la hadikava lakuda, akuwerenga mokweza ngati zolengeza za kumpingo. Mwini kope, mtsikana wa zaka 16 amene ali Fomu 3, waima pakhomo la khitchini, mthiko uli m'manja, maso ali pansi.

Kopelo amalibisa kunsi kwa matilesi. Mayi ake analipeza Lachisanu akutulutsa zofunda kuti aziyanike. Sanamufunse kanthu. Analisunga masiku awiri kudikira kuti anthu achuluke.

Ndinafunsa kuti, "Alamu, chikuchitika n'chiyani pano?" Iwo amvekere, "Khalani pansi alamu, mudzimvere nokha zimene mwana wanuyu amalemba usiku m'malo mowerenga." Tsamba limene ankawerenga linali la mnyamata wina wa m'kalasi mwake amene mwanayu amamusirira koma sanalankhulepo naye ngakhale tsiku limodzi. Sanalankhulepo naye! Mlandu wonse ndi umenewo. Atatopa kuseka, alamu anathothola masamba n'kuwaponya pambaula pamene panali poto wa nyemba. Nditati ndilankhule, anandidula kuti, "Mwana ndi wanga." Amalume ake, mwini mbumba, anangogwedeza mutu kuvomereza. Kuno kwathu azakhali mawu athu sapita patali, ndikudziwa. N'chifukwa chake ndabwera kudzalankhulira pano.

Madzulo mwanayo anandiperekeza kumsewu. Tinayenda osalankhulana mpaka pafupi ndi msika. Kenako anati, "Azakhali, masamba ambiri anali a adadi. Ndimawalembera zimene zachitika tsiku limenelo." Bambo ake anatisiya zaka zitatu zapitazo. Zaka zitatu mwana akucheza ndi bambo ake m'kope, akuwauza za mayeso a JCE, za nsapato imene inang'ambika, za tsiku limene anakhoza masamu koyamba. Masamba amenewo palibe anawawerenga pakhonde paja chifukwa analibe choseketsa. Anangopsa limodzi ndi enawo. Ndikukwera minibasi anandiuza kuti, "Sindidzalembanso."

Mawu amenewa ndi amene akundisowetsa tulo.

Makolo anzanga, siyani makope a ana. Asiyeni. Mwana akamalemba za kumtima kwake m'kope, kopelo ndi lake, si lanu, si la amalume, si la amayi a kuseri kwa mpanda. Kugula kwanu kope sikukupatsani zimene zalembedwamo. Munagula mapepala, mawuwo ndi ake.

Ife tomwe timaphunzitsa mtsikana akatha msinkhu kuti asalowenso kuchipinda kwa makolo ake. Anankungwi amanena zimenezi mobwerezabwereza mpaka mwana azilota. Mnyamata salowa kuchipinda kwa mlongo wake. Pakhomo pa munthu timaima patali n'kunena kuti odi, tidikire atiyankhe. Ulemu wonsewu timaudziwa bwino. Nanga bwanji mumtima mwa mwana timangolowa ndi nsapato zamatope popanda odi? Chipinda cha njerwa timachilemekeza, chipinda chimene mwana wadzimangira ndi bolopeni timachithyola chitseko n'kuitana anthu odutsa kuti adzaone. Zimenezi ndi zamanyazi, ndipo wochita manyazi asakhale mwanayo.

Mwana wa zaka 14, 15, 16 amasenza zinthu zimene sangathe kukuuzani pamaso. Thupi likusintha. Anzake akumunena. Fizi sinakwane ndipo wamva mukukangana za ndalama usiku. Akuopa kulephera MSCE. Wina anataya nyumba ndi mbuzi zonse pa namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 ndipo mvula ikangoyamba kugunda pamalata mtima umathamanga. Akuuzeni bwanji? Ife tinawalera kuti pamaso pa akulu mwana sayankha, salira popanda chifukwa, sadandaula nsima ili pambale. Ndiye wapeza malo amodzi amene samukalipira, amene samuuza kuti "uli ndi mavuto anji iwe mwana", malo amene amamvetsera mpaka iye atamaliza. Inu n'kuwatentha malowo.

Akulu anati mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Mwana wanu munamubereka, inde, koma mtima wake ndi tsidya linabe. Simuwolokerako pomulanda kope.

Ndipo musaganize kuti kulemba kotereku ndi masewera a ana ofuna kutengera azungu. Pa kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 1986, katswiri wa za maganizo wa ku America, James Pennebaker, anatenga ophunzira a payunivesite n'kuwauza kuti alembe kwa mphindi 15 patsiku, masiku anayi otsatizana. Ena analemba za zinthu wamba, ena analemba za chinthu chowawa chimene chinawachitikira ndi mmene anamvera. Miyezi yotsatira, amene analemba zowawa zawo ndi mmene zinawakhudzira sankapita kuchipatala cha pasukulupo kawirikawiri ngati anzawo aja. Mphindi 15 zokha, bolopeni ndi pepala. Ife tomwe timadziwa kuti munthu akalankhula za kukhosi amapepukidwa. Kope ndi kulankhula za kukhosi kwa munthu amene alibe womuuza.

Chinthu chikakhala m'mutu mokha chimazungulira ngati ntchentche m'botolo, chilibe mutu chilibe mchira. Ukachilemba umakakamizika kuchipatsa dzina. Kodi ndakwiya, kapena ndachita manyazi? Kodi ndikudana ndi sukulu, kapena ndikuopa mphunzitsi mmodzi yekha? Mwana amene walemba kuti "lero amayi anandinena kuti ndine chitsiru pamaso pa anzanga ndipo ndinafuna kuthawa" wachita kale chinthu chachikulu. Mkwiyo wapita papepala, iye wagona, m'mawa wadzuka n'kukatunga madzi. Mukufuna mkwiyo umenewo upite kuti mukamulanda pepalalo?

Ine ndinalembapo. Ndili ku sekondale yogonera komweko ndinali ndi kakope kamene ndinkakabisa m'thumba la ufa wa phala. Nditabwerera m'mbuyo kuwerenga zimene ndinalemba teremu yonse, ndinaona chinthu chimene palibe munthu anandiuzapo: masiku onse amene ndinalemba kuti ndasangalala anali masiku amene ndinathandiza mnzanga kumvetsa phunziro. Uphunzitsi wanga unayambira pamenepo. Palibe mlangizi anandikhazika pansi. Ndinadzipeza ndekha m'zolemba zanga. Mwana wa achimwene anga nayenso akanadzabwerera ku masamba ake ali ndi zaka 25, n'kuona mmene analirira bambo ake, mmene analimbira, zimene ankafuna kudzakhala. Lero zonsezo ndi phulusa limene analitaya kudzala Lolemba m'mawa.

Ndikudziwa, ena muti ndi mantha a mimba, ena muti ndi mmene tinaleredwera. Zimenezo sizikusintha kanthu.

Ngati mukuopadi kuti mwana ali pangozi, muitaneni kuchipinda, mutseke chitseko, mumufunse inu ndi iye. Pakhonde paja panalibe mantha alionse. Munthu wamantha saitana anansi kuti adzaseke. Kunali kuyalutsa mwana basi, kumuvula pagulu, kuti anthu aone kuti mayi ndi wolimba pa mwambo. Mwambo wake uti? Ndi mwambo uti wa Achewa, Amang'anja, Ayao kapena Alhomwe umene umati chinsinsi cha namwali chiwerengedwe pamaso pa amalume ake ndi mlendo wachimuna?

Ndipo mwapindulanji? Mukuganiza kuti mwana wasiya kuganiza za mnyamata uja chifukwa tsamba lapsa? Maganizo sapsa pambaula. Chimene chapsa ndi chikhulupiriro chake mwa inu. Kuyambira tsopano mudzamva "ndili bwino" tsiku lililonse, ngakhale tsiku limene sali bwino. Tsiku limene bambo wina wamkulu adzayambe kumuvutitsa panjira ya kusukulu, sadzabwera kwa mayi amene anamusandutsa choseketsa. Madzi akatayika saoleka.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti mwa achinyamata asanu ndi awiri alionse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la maganizo, ndipo theka la mavuto otere limayamba munthu asanapitirire zaka 14. Ife a ku Zomba tilibe chifukwa chonamizira kusadziwa. Chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo chili mumzinda mwathu muno. Bungwe la YONECO, limene limayankha lamya yaulere ya ana ya 116, likulu lake lili konkuno. Tikamva pawailesi kuti wachinyamata wadzipha timagwira pakamwa, pamaliro n'kumati "koma sananene kanthu, anali mwana wachete." Anali wachete chifukwa chiyani? Ena mwa ana achetewo anayesapo kunena, papepala, ndipo tinawaseka.

Musandiuze kuti mwana alibe chinsinsi m'nyumba ya makolo ake. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu aliyense ali ndi ufulu wosunga zinsinsi zake, kuti katundu wake asalandidwe ndi makalata ake asasokonezedwe. Silinati munthu wa zaka 18 kupita m'tsogolo. Koma sindikufuna n'komwe kuti tifike ku malamulo. Umunthu wokha ukukwana. Inu mayi, foni yanu ili ndi pasiwedi. Inu bambo, foni yanu mumapita nayo ndi kubafa komwe. Mwana atatenga foni yanu n'kuwerenga mauthenga anu pamaso pa anthu a kumpingo, mungamusiye wamoyo? Ndiye chimene simungalole kuti chikuchitikireni mukuchichitiranji kwa munthu amene sangathe kukubwezerani?

Siyani makope a ana. Mukalipeza kunsi kwa matilesi, libwezereni pomwepo, muyale bedi, mutuluke. Mukafuna kuchita zabwino, mukapita mtauni mugule lina la masamba ambiri, mumupatse, munene kuti "ili ndi lako, sindidzalitsegula", ndipo musadzalitseguledi. Anyamatanso chimodzimodzi, chifukwa iwo ndiye tinawatseka pakamwa kalekale ndi mawu oti mwamuna salira. Mnyamata akapezeka ndi kope lotere anzake ndi abambo ake omwe amamuseka kuti ndi zachikazi. Ndiye tizidabwa akayamba kukhuthulira nkhawa zake m'timabotolo ta mowa wotchipa kuseri kwa msika wa Mpondabwino?

Chimene chikundiwawa kwambiri n'choti makolo omwewa amadandaula kuti ana a masiku ano sadziwa kulemba, chimangirizo cha Chichewa chikuwakanika, kalata ya ntchito sangaithe. Mwana amene amadzaza tsamba usiku uliwonse popanda womutuma, ameneyo ndiye mukumutcha waulesi? MANEB ili pompano pa Zomba, mapepala a mayeso amafuna munthu wodziwa kuyala maganizo ake mwadongosolo, ndipo mwana amene amadziphunzitsa yekha zimenezo mwamuthyola dzanja. Mukamuletsa kope sasiya kufuna kunena. Adzabwereka foni ya mnzake n'kukalemba pa Facebook kapena pa status ya WhatsApp, pamene aliyense aziwerenga, achipongwe ndi achidyamakanda omwe. Kope linali kunsi kwa matilesi m'nyumba mwanu, lotetezeka. Mwamuthamangitsira kumsewu ndinu.

Ndipo inu amatroni ndi aphunzitsi a m'sukulu zogonera komweko, nkhaniyi ikukukhudzani. Mukamachita chipikisheni m'mahositelo mumati mukufuna mafoni ndi mowa. Chabwino, tengani mafoniwo. Nanga makope a ana mumawatengeranji? Mwana wa mnzanga wina analandidwa lake teremu yatha, Lolemba lake mphunzitsi n'kuwerenga ndime ziwiri pa asembule, sukulu yonse ili pamzere, akutchula ndi dzina lomwe. Mwanayo anadwala sabata yathunthu osalowa m'kalasi. Kholo litapita kukafunsa linauzidwa kuti ndi chilango. Chilango cha mlandu wanji? Munthu amene anaphunzira za kakulidwe ka ana ku koleji, amene amalandira malipiro kuti asamale ana a eni, n'kumaima kutsogolo kwa ana mazana akuseka misozi ya mwana wa Fomu 1 amene analemba kuti wasowa amayi ake. Mpaka lero kopelo sanamubwezere.